Kamthenga ka a Kan Kokana Kufa

A Kan Tien-fu anabadwira ku Minxiong, pakati pa minda ya nanazi, mwana wachinayi wa munthu wokonza njinga. Amene anakula nawo amakumbukira chinthu chimodzi: munthuyu salandira kanthu kwa mnzake. Mvula ikagwa, ukawapatsa ambulera, amakuuza kuti madzi sanaphepo munthu wa kwawo. Kumalo odyera amatulutsa timitengo tawotawo todyera m'thumba la malaya. Tiyi amayenda naye m'fulasiki, ngakhale paukwati. Akazi awo, mayi Su-chin, amati pa zaka makumi atatu za banja, chinthu chokha chimene bamboyo analandira kwa iwo osatsutsa ndi chimfine.

Atachoka kuusilikali anayamba kukonza mawailesi. Anthu anasiya kukonzetsa mawailesi. Anaphunzira makina a fakisi, fakisi nayo inafa. Ali ndi zaka 38 anagula buku lonenepa ngati njerwa, lophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta, naliwerenga okha pakhonde miyezi khumi osafunsa munthu. Pomwe sanamve ankadumphapo. Ndi mmene analowera ntchito ku bungwe la alimi a zipatso la m'deralo ngati munthu wa makompyuta. Ndiye kuti wosintha inki, wokwawa pansi pa madesiki, ndi wokalipiridwa magetsi akazima.

Patapita zaka, bungwe linagula webusaiti kwa kampani ina ya ku Taipei, kuti ogula aziitanitsa zipatso pamenepo, alimi aziona mtengo wa tsikulo. A ku Taipei anabwera, anaika pulogalamu yawo, anadya mpunga wa nkhukutembo, anakwera sitima. Makina osunga pulogalamuyo, seva, anawatsekera m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi, paketi yobiriwira ya tizakudya ta ana ili pamwamba monga amachitira aliyense kuti makina azimvera. Kiyi anapatsa a Kan. Imeneyo analandira.

Pulogalamu yotere ili ngati nyumba yodzaza antchito. Wina amawerenga mtengo, wina amalankhula ndi sikelo, wina amasindikiza timapepala tomata pamabokosi. Pamwamba pawo pali kapitawo, pulogalamu ina imene imalenga antchito onsewa n'kuwalemba mayina. Wantchito sadzipezera chida. Amangonena kuti ndikufuna chakuti, kapitawo n'kumupatsira m'manja. Tsiku loika pulogalamu yatsopano m'malo mwa yakale, kapitawo amaitana mayina onse ali pamndandanda wake n'kuwawerutsa. Nyumba ikakhala mbee, makina amaigwetsa, yatsopano n'kulowa pamalopo. Ndi zokhazo. Palibe ufiti.

Bwana Yen, mkulu wa bungwe, munthu wodziwa kugulitsa nanazi ndi kulankhula pamaliro, anafuna kuti alimi azilandira uthenga pafoni wowauza nthawi imene lole ibwere kudzanyamula zipatso. A ku Taipei anati abwera pakatha miyezi iwiri. A Kan anati achita okha.

Analemba kamthenga. Tsiku lililonse 5 koloko madzulo kamadzuka, n'kutumiza nthawi ya lole ya mawa kwa alimi onse. M'buku lija munali mutu wathunthu wofotokoza mmene ungalembetsere kanthu kotere kwa kapitawo. Unali umodzi wa mitu imene anadumpha. Koma ngakhale akanauwerenga, a Kan kupempha zida kwa pulogalamu yolembedwa ndi ana a ku Taipei? Kamthengako anakalenga okha, anakapatsa wotchi yakeyake, ndandanda yakeyake ya nthawi, ndi njira yakeyake yofikira mafoni.

Kanagwira ntchito bwino kwambiri. Kanagwira ngakhale katachotsedwa ntchito.

Poika pulogalamu yatsopano, kapitawo ankaitana mayina, antchito onse n'kutuluka. Kamthenga sikanali pamndandanda, ndiye sikankaitanidwa. Kankatsala m'kati. Ndipo makina sagwetsa nyumba muli munthu, ngakhale munthuyo akhale kanthu kamodzi kogona tsiku lonse. Nyumba yakale inkatsala yonse ndi mipando yake, pambali pa yatsopano, imenenso ili ndi kamthenga kake. Ukaikanso, nyumba zitatu. Memole, malo amene makina amasungamo zimene akugwiritsa ntchito, si bwalo la mpira. Pofika kachisanu ndi chimodzi seva inkayamba befu, kenako n'kufa, ogula ali pakati poitanitsa.

Mankhwala anawapeza a Kan omwewo. Ukazimitsa makina onse n'kuyatsanso, nyumba zakale zimapita. Anamata pepala pachitseko cha kachipinda kaja. Pulogalamu ikaikidwa, mzere umodzi. Mizere isanu ikakwana, Lachitatu nthawi ya nkhomaliro ankazimitsa zonse. Kuyatsanso kunali ndi dongosolo lake: koyamba nkhokwe ya mayina, kenako sikelo, kenako makina osindikiza, webusaiti pomaliza. Ukasemphanitsa, mabokosi a magwafa amatuluka ndi dzina la mango. Dongosololi silinalembedwe paliponse. Linkatenga mphindi makumi anayi, akalaliki ataima pakhomo ndi timabokosi tawo ta mpunga. A Kan ankaika dzanja pamakina ngati akuyeza mwana kutentha thupi. Dzanjalo silinkachita kanthu, koma anthu ankalikonda.

Bwana Yen anawatcha dokotala wa seva. Paphwando la kutha kwa chaka ankawaimiritsa kutsogolo, aliyense n'kukweza tambula. Alimi nawo masabata ena ankalandira uthenga umodzimodzi kawiri, ena kanayi. Bwana Yen anati umenewo ndiye umboni woti bungwe limasamala anthu ake. Alimi ena ankaona ngati ulemu.

Chaka chachiwiri a Kan anadziwa. Foni yawo inalira katatu 5 koloko, pepala la pachitseko lili ndi mizere iwiri. Sanali munthu wopusa. Anapita kunyumba, anatsitsa buku lija, anawerenga mutu umene anadumpha. Kukonza kwake kunali mizere isanu ndi umodzi yolemba. Kunalinso kukauza bwana Yen kuti dokotala ndi matenda ndi munthu mmodzi. Anatseka bukulo. Anati akonza nyengo ya nanazi ikatha. Zinatha nyengo zisanu ndi ziwiri.

Tsopano anali ndi zaka 59. Ku bungweko munthu akakwanitsa 60 amapuma, kupatula amene bungwe silingayende popanda iye. Ameneyo amamuwonjezera chaka ndi chaka. A Kan ankafuna zaka zowonjezerazo. Koma choposa pamenepo, ankafuna dzina. Mwana wa wokonza njinga, anthu akumutcha dokotala pamsika. Chimenecho sanali okonzeka kuchitula.

Ndiye kunabwera mayi Pai Hsiu-luan. Anali ndi zaka 44, anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu m'makampani a makompyuta a ku Hsinchu, anabwerera kumudzi kudzasamala amayi awo odwala. Bungwe linawalemba miyezi isanu ndi umodzi kuti akonze webusaiti izioneka bwino pafoni. Tsiku loyamba anaima pachitseko cha kachipinda kaja.

“Madala, timizere iti n'tachiyani? Mukuwerengera masiku otulukira m'ndende?”

“Ndi ntchito yanga imeneyo.”

“Chabwino. Pulogalamu ndiziika kangati pasabata?”

“Kamodzi pamwezi. Ndipo muzindiuza kaye.”

“Pamwezi? Ku Hsinchu tinkaika kasanu tisanamwe tiyi.”

“Kuno si ku Hsinchu, chemwali. Makina awa ali ndi mtima wawo.”

“Makina alibe mtima, madala. Amangokhala ndi amene anawalakwira.”

A Kan anatsegula fulasiki. Mayi Pai anawalozera ketulo ya muofesi. A Kan anachita ngati sanaone.

Anakhala miyezi iwiri choncho, mayi Pai akupempha, a Kan akulola monyinyirika n'kukoka mzere. Lachiwiri lina mu Juni a Kan anapita kuchipatala cha maso ku Chiayi. Woyendetsa lole anati awapatse lifiti, iwo anakwera basi. Makina anali atawazimitsa sabata yathayo, pepala lili loyera, ndiye anapita mtima uli m'malo.

M'mawa mayi Pai anakonza kabatani kena n'kuika pulogalamu. Masana bwana Yen anatulukira n'kunena kuti dzuwa lanyanya, kuyambira mawa lole izibwera 7 koloko, osati 9 monga kale. Mayi Pai anasintha nthawi n'kuikanso. Sanalakwe chilichonse. Nthawi ya lole inali itasinthapo kawiri pa zaka zonsezo, ndipo kawiri konseko a Kan ankazimitsa makina tsiku lomwelo osauza munthu chifukwa chake.

5 koloko inakwana. Timithenga titatu tinadzuka. Kalikonse kankadziwa nthawi imene kanaipeza tsiku lobadwa. Tiwiri takale tinati 9. Katsopano kanati 7.

M'mawa mwake lole inadutsa 7 koloko, misewu ina ili mbee. Alimi khumi ndi mmodzi anatulutsa zipatso 9 koloko n'kudikira. Lole yotsatira ya m'misewu yawoyo inali ya Lachisanu. Nanazi wodula sacheza ndi dzuwa la Juni.

Woyamba kufika ku ofesi anali a Tseng Wan-lai, mlimi wa zaka 70, woimira alimi m'komiti, milomo ili psuu ndi mtedza wina wofiiritsa malovu umene amatafuna. Anaponya foni padesiki ya bwana Yen.

“Werengani! Atatu! Awiri akuti naini, mmodzi akuti seveni. Ine ndakhala ndikuvota inu musanamere mano. Ambiri ndi amene amapambana!”

“Amalume, khalani pansi kaye...”

“Ndikhale? Mabokosi makumi asanu ndi limodzi akhala kale m'malo mwanga, pamsewu. Kanunkhizeni. Ndi vinyo tsopano.”

Bwana Yen anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amuloze. Sanavutike. Anati zaka zisanu ndi zinayi makina akuyenda bwino m'manja mwa dokotala, kubwera munthu wa ku Hsinchu miyezi iwiri, nanazi waola. Komiti ikumana Lachisanu, ione ngati mayi Pai apitirize.

A Kan anali pomwepo, diso limodzi lomatidwa thonje. Anakhala chete, ntchito imene ankaidziwa bwino.

Mayi Pai sanakangane ndi munthu. Lachinayi m'mawa anajambula zonse zili m'memole n'kuyamba kufukula. Anapeza nyumba zitatu pamalo pa imodzi. Anatsata chimene chikugwira ziwiri zakalezo kuti zisagwe. Sizinawatengere maola awiri. Pamwamba pa kamthenga panali dzina ndi deti, poti munthu wosapempha kanthu amasainanso chilichonse.

Anawapeza a Kan pamalo a mpunga wa nkhukutembo pafupi ndi siteshoni, akupukuta timitengo tawo. Anakoka mpando osaitanidwa.

“Ndakumana ndi ana anu atatu lero, madala. Akufanana nanu kwambiri. Akaitanidwa samva.”

A Kan anapitiriza kudya.

“Bwanji simunakalembetse kwa kapitawo? Ndi ntchito yake yokhayo. Amagawa zida, amatolera. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa.”

“Sindimafuna kuvutitsa munthu.”

“Si munthu! Ndi pulogalamu! Mumachita manyazi ndi pulogalamu?”

“Kanagwira ntchito.”

“Eya, kanagwira. Kafunseni a Tseng.” Mayi Pai anaitanitsa mbale yawo, n'kuwayang'anitsitsa. “Pepala la pachitseko lija. Munthu sawerengera mpaka kasanu mwangozi. Mwadziwa liti?”

“Kale.”

“Kale la dzulo kapena kale la nthawi ya atsamunda Achijapani?”

“Zaka zisanu ndi ziwiri.”

Mayi Pai anaseka mpaka wogulitsa anatembenuka. “Ndiye mumaweta. Ine ndimayesa mukudwala nazo, kani mukuweta. Dokotala!”

“Chemwali, kwanditsalira chaka chimodzi. Mungathe kukonza mwakachetechete. Munene kuti linali vuto la a ku Taipei.”

Kameneka kanali koyamba m'moyo wawo kupempha kanthu, ndipo kanatuluka mokhota ngati msomali wokhomedwa ndi mwala.

“A ku Taipei si amene aimirire Lachisanu, ndine. Bwana Yen akamva zoti a ku Taipei, aziti nanga bwanji zinayamba nditabwera ine. Ayi. Mawa munena nokha, kapena ndiika pakhoma aliyense awerenge dzina lanu ndi deti. Zilembo ndikulitsa, poti maso akuvutani.”

Lachisanu komiti inakhala m'chipinda cha pamwamba pa nyumba yosungira zipatso, anthu khumi ndi awiri, fani ikuzungulira. Bwana Yen anayamba ndi mawu otalika onena za thukuta la mlimi. Asanafike pa mayi Pai, a Kan anaimirira. Anali atavala malaya oyera a paphwando.

“Kamene kamatumiza mauthenga ndinakalemba ine. Sindinakalembetse kwa kapitawo wa pulogalamu. Ndiye sikafa. Kamagwira pulogalamu yakale m'memole mpaka makina adzaze. N'chifukwa chake seva imafa. N'chifukwa chake mauthenga anapita atatu. Mayi Pai sanalakwe. Ndazidziwa zaka zisanu ndi ziwiri.”

Bwana Yen anagwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira akamva mawu aatali.

“Mwamva, anzanga? Dokotala walipeza vuto! Zaka zisanu ndi ziwiri akulisaka!”

“Sindimalisaka, bwana. Ndimalisunga.”

“Kulisunga kuti lisafalikire! Yekha, osadandaula!”

“Bwana, ndikuti ndinalipanga ndine.”

“Mtsogoleri weniweni amatero. Amasenza. Tiyeni tiwaombere m'manja.”

Anaomba. A Kan anaima pakati pa phokosolo, atatsegula pakamwa. Munthu wasenza mwala zaka zisanu ndi ziwiri, akuutula, anthu akuti ndi mphatso. Mayi Pai anaphimba nkhope ndi pepala, mapewa akugwedezeka. A Tseng okha sanaombe. Ankatafuna, akuyang'ana a Kan.

Kenako mayi Pai analumikiza kompyuta yawo ku makina oonetsa zinthu pakhoma. Analemba mizere isanu ndi umodzi ija onse akuona, kamthenga kanalowa pamndandanda wa kapitawo. Anaika pulogalamu. Anaikanso. Anaika kakhumi, kenako kamakumi awiri, akuwerenga mokweza ngati mphunzitsi wa masewero. Memole inangokwera pang'ono n'kutsika, kukwera n'kutsika. Seva sinatsokomole n'komwe.

Apa bwana Yen anamva. Zimenezi sizinkafuna mawu aatali.

“Ndiye kuzimitsa kwa Lachitatu kuja?”

“Kwatha, bwana,” anatero mayi Pai.

“Kwatheratu?”

“Kwatheratu. Dongosolo loyatsira ndilemba papepala limodzi, magetsi akazima aliyense azitsata.”

Bwana Yen anayang'ana a Kan mwachikondi, ngati munthu woyang'ana njinga yake yabwino atagula kale galimoto.

Panja, pomwe amaimika njinga zamoto, a Tseng anadikira a Kan. Analavula chofiira m'kapu yapulasitiki.

“Yen ndi chitsiru, Tien-fu. Ine ayi. Bambo ako ankandikonzera njinga, tcheni ikaduka ankanena kuti yaduka. Ndiye awiri aja oti naini anali ako?”

“Onse atatu anali anga, amalume.”

“Ndipo umadziwa kuti alipo.”

“Ndimadziwa.”

“Ukumwa tiyi wako wa m'fulasiki, ife tikukwezera tambula.”

“Ndibwera kudzakuthandizani kuchotsa mabokosi.”

“Ubwere. Naini koloko. Usachedwe, a Naini Koloko.”

A Kan anapita, anataya nanazi wowola m'dzenje tsiku lonse, a Tseng atakhala pamthunzi akuuza aliyense wodutsa. Pofika Lamulungu nkhani inali pamsika, kukachisi, ndi kwa ometa. Alimi sanafune kumva za memole. Anamva kuti munthu anaweta mizukwa itatu m'makina kuti azioneka dokotala, ndipo zinawakwanira.

Bungwe linawawonjezera mayi Pai chaka, kenako linawalemba ntchito yokhazikika. A Kan atakwanitsa 60, nkhani ya zaka zowonjezera palibe anaitchula. Anawachitira phwando labwino, matebulo asanu. Bwana Yen analankhula mpaka analira, monga amachitira pamaliro, n'kuwapatsa chikwangwani chamatabwa cholembedwa kuti dokotala wa seva. Mpaka lero bwana Yen amakhulupirira zimenezo. Ndi munthu mmodzi yekha m'Minxiong.

A Kan ali ndi zaka 63 tsopano. Amakonza mafani ndi mapoto amagetsi ophikira mpunga pakhonde, ndipo amakonza bwino. Chikawakanika amakuuza tsiku lomwelo kuti chawakanika. Ukaima pamsewu n'kufunsa kwa a Kan Tien-fu, anthu amayang'anizana. Funsa kwa a Naini Koloko. Ndi nyumba yachitatu kuchokera pakachisi, ndipo ukaitana choncho amavomera.